Majaji a mawigi ndi mayi woimba opera, sabata yanga kushopu ya mafulemu

Sabata ino kushopu kwathu kuno ku London tagwira zithunzi zakale zokhazokha, zija zojambula monyogodola anthu otchuka. Ine yanga ndi kudula galasi ndi katoni nkuika chithunzi mufulemu basi, zogula ndi zogulitsa ndi za abwana.

Lolemba kunabwera loya wina ndi zithunzi 6 za mu Vanity Fair, magazini yakale yakuno ku Britain, majaji atavala mikanjo yofiira ndi mawigi, pansi pasainidwa Spy, dzina lomwe wojambula wake Leslie Ward ankagwiritsa ntchito. Wina mphuno ngati chikwanje, wina mimba kutsogolo miyendo ngati timitengo. Akuti akazipachika muofesi. Ndinaseka chamumtima, anthu omwe akunyozedwa pachithunzipo ndi omwenso amazigula modula, ndipo mawigi omwewa majaji akwathu ku Malawi akuvalabe mpaka lero, kutentha konse kuja.

Lachitatu ndiye kunali nkhani. Mayi ena anabweretsa chithunzi chomwe James Gillray anajambula mu 1801, cha Elizabeth Billington, woimba opera yemwe chaka chimenecho ankaimba m'nyumba ziwiri za zisudzo zakuno ku London, Covent Garden ndi Drury Lane, Gillray anamujambula wonenepa zedi akuimba ndi mphamvu zonse. Mayiwo akuti ndi cha agogo awo, choyambirira chenicheni. Nditachitulutsa mufulemu yakale nkuchitembenuza ndinapeza kumbuyo kulinso chithunzi china, pakona pali nambala, ndiye kuti ndi zija wosindikiza mabuku Henry Bohn anadindanso cha m'ma 1850 pamapuleti odindira oyambirira omwewo Gillray atamwalira kalekale, mtengo wake ndi wotsika kwambiri. Ndinangoitana abwana kuti awauze okha, ine mtima umenewo ndilibe.

Choipa kwambiri, amene anaika fulemu yakaleyo anamata ndi selotepu, guluu wake walowa m'pepala wasiya mizere yachikasu. Lachinayi lonse ndinathera pamenepo, pang'onopang'ono, koma banga silinachoke lonse, pepala lakale sulilimbana nalo.

Lachisanu ndinamaliza ndi zithunzi za Daumier, wojambula waku France, maloya aku Paris a mu nyuzipepala ya Le Charivari, kumbuyo kukuoneka zilembo za nyuzipepala. Daumier yemweyu mu 1832 anagamulidwa kukhala kundende miyezi 6 chifukwa chojambula monyogodola mfumu ya France Louis-Philippe. Wogula zithunzizi? Loyanso, ndipo anapempha galasi lodula lija loteteza kudzuwa.