Foni inatsalira mu chapa, nambala ndinaibweza

Ine ndimagulitsa mbatatesi ya kuno ku Angónia, ndipo makasitomala anga ambiri ndi amayi a kumsika wa Kwachena mumzinda wa Tete. Ambiri mwa iwo dzina langa lenileni salidziwa, amangodziwa nambala. Ndiye tsiku lomwe ndinatsika chapa, minibasi ya kuno, pa Ulóngwe n'kupeza thumba la jekete lili pululu, foniyo sindinaililire kwenikweni. Inali nkhalamba yong'aluka galasi, yomanga ndi labala. Mtima wanga unali pa nambala ndi tindalama tinali momwemo.

Madzulo omwewo ndinabwereka foni ya mayi a kunyumba n'kuimbira kampani kuti atseke SIM. Apa musamazengereze. Wotola foni akhoza kuyamba kulembera abale anu kuti mwagonekedwa kuchipatala, atumize ndalama msanga.

Mlamu wanga anali ndi nzeru zake. "Alamu, mukuvutikiranji? Gulani SIM ya kampani yomwe tili ife, tiziimbirana motchipa." Ndinagula ndithu yoti ndizigwiritsa podikira, koma inabwera ndi nambala yakeyake. Kuno munthu ukangomva manambala awiri oyamba umadziwa kale: 84 ndi 85 ndi Vodacom, 86 ndi 87 ndi Movitel, 82 ndi 83 ndi Tmcel. Ndalama za pafoni nazo chimodzimodzi, M-Pesa kwake, e-Mola kwake, mKesh kwake. Amayi a ku Kwachena aja akanadziwa bwanji kuti nambala yachilendo ikuwaimbirayi ndine?

M'mawa mwake ndinapita ku loja, sitolo ya kampani ya SIM yanga, nditatenga BI, chitupa changa cha unzika, kukapempha chomwe amati segunda via, SIM ina ya nambala yomweyo. Mtsikana wa pakauntala analemba nambalayo pa kompyuta, anayang'ana BI, n'kundiyang'ana ine.

"Bambo, nambala iyi si yanu."

Ndinatsala pang'ono kukwiya. Zaka zonsezi ndikuithira crédito ndine! Kenaka ndinakumbukira. SIM ija anandigulira ndi achimwene anga nthawi yomwe BI yanga inali isanatuluke, ndipo analembetsa m'dzina lawo. Ine ndinaiwaliratu. Mtsikanayo sanalakwe ayi, chifukwa akanapereka kwa aliyense wobwera ndi nkhani yomvetsa chisoni, wotola foni ujanso akanatha kuitenga.

Achimwenewo amagwira ntchito ku Moatize, choncho ndinadikira masiku 5 kuti apeze mpata. Masiku amenewo matumba anali pakhonde, oda palibe. Atabwera tinapita limodzi, aliyense ndi BI yake. Anatifunsa manambala omwe ndimaimbira kawirikawiri komanso recarga yomaliza, crédito yomwe ndinathira komaliza, kuti inali ya zingati. Apa achimwene anangoti kukamwa yasa, ndinayankha ndine. Mwayi wake nambala ya mayi a kunyumba ndi ya dalaivala amene amandinyamulira katundu ndimazidziwa pamtima. Tinalipira kandalama kochepa, ndipo tisanatuluke ndinapempha kuti nambalayo aisinthire m'dzina langa. Tinasaina tonse awiri.

SIM yatsopanoyo ndinaiika mu foni yolowa ma SIM awiri, pambali pa ya mlamu ija. Netiweki itabwera ndinayamba ndi kuona ndalama. Zinalipo zonse, PIN yomweyo, ngakhale ndinaisintha pompo. WhatsApp inatumiza kodi pa SMS, magulu anga onse n'kubwerera. Chomwe sichinabwerere ndi maina amene ndinasunga pa SIM yakale. Amenewo anapita ndi chapa, ndipo pano ndikuwalemba m'kope lomwe ndimalembamo ngongole.

Ndisanafike n'komwe kunyumba foni inalira, nambala yopanda dzina.

"Inu bambo a mbatatesi, munathawira ku Malawi kodi? Sabata yonse foni yosapezeka! Nditumizireni matumba 8 Lachisanu."