Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chaka chimene ndinkadya mpamba ndikuuyesa phindu

Gawo lapitali tinalekezera pomwe makasitomala anayamba kuchuluka. Lero za ine ndiziika kaye pambali, ndikuonetseni masamu a chaka chimenecho.

Tiyerekeze kuti katundu mwaoda pa 80, mukugulitsa pa 100. Phindu ndi 20. Mukatsitsa mtengo ndi 10 peresenti kuti mukope makasitomala a mnzanu, mugulitsa pa 90, phindu latsala 10. Mtengo watsika pang'ono chabe, koma theka la phindu lapita. Kuti mupeze zimene munkapeza kale, muyenera kugulitsa katundu wochuluka kawiri, kumuoda kawiri, kumunyamula kawiri. Mnzanu uja sakhala chete, naye amatsitsa. Pakutha pa mwezi makasitomala agawikananso monga kale, koma mtengo wakakamira pa 90, ndipo kuukweza n'kuyambana ndi anthu.

Chinyengo chake n'chakuti ndalama zimaoneka zambiri m'kabati, ndiye munthu amatapa.

Zina mwa ndalamazo ndi za makina. Ngati makina amakhala zaka 5, imeneyo ndi miyezi 60. Mwezi uliwonse gawo limodzi mwa magawo 60 a mtengo wake latha, ngakhale akulira bwinobwino. Mukapanda kuliika padera, mwalidya. Chimodzimodzi kudumpha sevisi: mwezi umenewo buku limaoneka lokongola, koma oilo wakuda amadya zitsulo mwakachetechete, ndipo makina amadzaima tsiku limene maoda achuluka.

Si matenda a bizinesi zazing'ono zokha ayi. Mu 1975 Steven Sasson, injiniya wa Kodak, kampani yopanga makamera ndi filimu yojambulira zithunzi, anapanga kamera ya digito yosafuna filimu, koma kampaniyo inkapeza phindu lalikulu pa filimu, ndipo inazengereza kuisiya. Mu 2012 inakapempha khoti kuti liiteteze kwa amene inali nawo ngongole.

Potapa m'kabati, yambani ndi ndalama yooderanso katundu, kenako lendi ndi malipiro a antchito, kenako gawo la makina. Zanu ndi zotsalazo. Pa yooderayo m'pamene ambiri amapunthwa: amawerengera mtengo umene anaodera, pomwe wofunika ndi wa lero. Munaoda pa 80, lero akuodetsa pa 88, ndiye kuti pa 100 paja phindu lenileni ndi 12. Mukatenga 20, zinthu 100 zimene munagulitsa mudzabweza 90 zokha pashelefu.