Lachinayi, tsiku lofunafuna malo alendi a seva yathu

Ndinadzuka m'bandakucha chifukwa cha kutentha kumene kumatipeza kuno ku Salima mwezi wa Okutobala ukafika, ndipo ndinaona kuti ndi bwino ndiyambe ntchito dzuwa lisanakwere. Ntchito yake ndi imene ndakhala ndikuizengereza kwa milungu iwiri, yosankha kampani yoti itibwereke seva, kompyuta yoyaka usana ndi usiku imene munthu amaifikira pa intaneti, yoyendetsera pulogalamu ya AI (yoyankha mafunso ngati munthu) ya kopaletivi ya alimi a mpunga a chakunyanja, cha ku Lifuwu, amene ndimawathandiza kusunga mabuku. Komiti ikufuna kuti mlembi azitha kufunsa pulogalamuyo zimene malamulo a gulu amanena pa membala amene wachedwa kubweza ngongole ya feteleza, kapena kuchuluka kwa matumba amene analowa mosungira katundu mwezi wakutiwakuti, popanda kufukula mafayilo a zaka zisanu. Chimene komiti inakana kwamtuwagalu ndi kutumiza mayina a mamembala, manambala a zitupa zawo za unzika ndiponso ngongole zawo ku mapulogalamu a pa intaneti amene aliyense amacheza nawo, ndipo n'chifukwa chake tinagwirizana zoti tiziyendetsa tokha.

Maganizo anga oyamba anali oti zonse zikhale mu ofesi yanga pa Kamuzu Road pompano. Ndinaika pulogalamu ya Ollama, yoyendetsera AI pa kompyuta ya munthu mwini, pa laputopu yanga yakale, imene ili ndi memori ya 8 GB, n'kutsitsa modelo yaing'ono, imene ndiyo ubongo woyankha mafunsowo. Mamodelo a msinkhu wa Llama 3 8B, imene Meta inatulutsa mu Epulo 2024, kapena Mistral 7B ya mu 2023, akawapanikiza kuti achepe amafuna malo okwana pafupifupi 5 GB, kotero pa pepala zinkaoneka ngati zikwanira. Zinakwaniradi, koma laputopu inatentha ngati chiwaya, fani yake ikulira mosalekeza, ndipo isanakwane 9 koloko magetsi anathima. Seva imene imagona magetsi akathima singathandize mlembi amene ali kumunda ndi foni yake, choncho nkhani yoisunga pano inathera pomwepo.

Cha m'ma 10 koloko a Tcheya a kopaletivi anafika pa kabaza kudzamva pamene ndafika. Nditatchula za cloud anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anafunsa kuti, "Mwana wanga, mtambo ukunenawu uli kuti kwenikweni?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, ndi dzina chabe. Ndi nyumba zikuluzikulu zodzaza makompyuta, zokhala ndi majenereta ndi makina oziziritsa, ndipo ife timalipira lendi ya kachigawo ka kompyuta imodzi." Iwo anagwedeza mutu n'kunena kuti ndiye kuti tikukasungitsa mpunga wathu m'nkhokwe ya mwini, ndipo anafuna kudziwa chimene chingachitike mwini nkhokweyo atafuna kusuzumiramo, kapenanso ife titalephera lendi mwezi wina. Mafunso awiriwa ndi amene anatsogolera tsiku langa lonse, ngakhale kuti ine ndinali nditakonzekera kulankhula za liwiro la makina.

Atapita, ndinalumikiza laputopu ku intaneti ya pa foni n'kuyamba kuyerekeza makampani, ndikuyang'anitsitsa batire ndi bandulo zomwe. Makampani akuluakulu onse ali kale ku South Africa. Microsoft inatsegula malo ake a Azure ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon inatsegula a AWS ku Cape Town mu 2020, Oracle inabwera ku Johannesburg mu 2022, ndipo Google inatsatira mumzinda womwewo kumayambiriro kwa 2024. Mwa makampani ocheperako, Vultr ili ndi maseva ku Johannesburg, pamene Hetzner ya ku Germany, imene imadziwika ndi mitengo yotsika, ili ndi malo ku Nuremberg, Falkenstein ndi Helsinki. Poyamba dzina la Hetzner linandisokoneza, pakuti ku South Africa kunali kampani ya dzina lomwelo, koma iyo inasintha dzina mu 2019 n'kukhala xneelo, ndipo ndi kampani yoima payokha.

Ndinataya nthawi yambiri pa nkhani ya mtunda, ndipo ndikuona tsopano kuti sizinali zoyenera. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi imodzi m'zingwe za faiba, choncho ngakhale uthenga uzungulire ku Dar es Salaam, ulowe pansi pa nyanja mpaka kukafika ku Ulaya n'kubwerera, sumatha ngakhale theka la sekondi njira ikakhala bwino. Kwa munthu woimba foni ya kanema kusiyana kumeneku kumamveka, koma modelo yoyenda pa seva yopanda GPU, kachipangizo kamene kamafulumizitsa ntchito za AI, imalemba mawu ochepa chabe pa sekondi, ndipo yankho la ndime imodzi limatenga masekondi ambirimbiri. Mlembi wathu sangathe kusiyanitsa ngati yankholo lachokera ku Johannesburg kapena ku Falkenstein. Ndinkaganizanso kuti seva ya pafupi ingatiteteze zingwe za pansi pa nyanja zikaduka, koma ndinakumbukira za pa 12 Meyi 2024, pamene zingwe za EASSy ndi Seacom zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa komweko, intaneti n'kuvuta m'mayiko angapo a chigawo chino kuphatikizapo Malawi. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, ndipo kulikonse kunja kwa dziko kumene seva ingakhale, uthenga wathu uyenera kudutsa kwa anansi.

Pamene panandigwira mtima ndi pa ndalama. Seva yokhala ndi GPU imayankha mofulumira kwambiri, koma imalipiridwa pa ola, ndipo mwezi umodzi uli ndi maola pafupifupi 730. Ngakhale mtengo utakhala dola imodzi yokha pa ola, pakutha pa mwezi ngongole imafika madola 730, pa chinthu chimene mlembi angachifunse mafunso khumi okha pa tsiku. N'zotheka kuiyatsa ndi kuithimitsa pa nthawi yoikika, koma ndikudziwa bwino mmene ndimaiwalira ngakhale kuthimitsa ayironi, ndipo kuiwala kwa Loweruka ndi Lamlungu limodzi lokha kungadye phindu la matumba angapo a mpunga. Makampani akuluakulu amawerengeranso padera malo osungira mafayilo ndi data yotuluka m'maseva awo, kotero munthu sudziwa bwinobwino ndalama yonse mpaka mwezi utatha. Kwa kampani ya mumzinda yokhala ndi wowerengera ndalama wakewake zimenezi si vuto, koma kwa gulu limene bajeti yake imavomerezedwa pansi pa mtengo wa mango kamodzi pa chaka, mtengo wosadziwika ndi woopsa kuposa mtengo wokwera.

Masana ndinapita kwa mayi msungichuma, amene amagulitsa nsalu pa msika, kukawaonetsa zimene ndapeza. Iwo sanafune kumva za memori kapena za GPU. Anandifunsa kuti, "Achimwene, ndalama imeneyi ndi ya makwacha kapena ya madola?" Nditawauza kuti ndi madola kapena mayuro, anandikumbutsa za Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, katundu wawo yense wa kunja n'kukwera mtengo usiku umodzi. Ananena momveka bwino kuti akhoza kuvomera ndalama yokhazikika imene angailembe m'buku n'kusiyako mpata wa kugwa kwa kwacha, koma sangasaine chinthu chimene mtengo wake umasintha malinga ndi mmene tachigwiritsira ntchito. Sindinawatsutse, chifukwa ndi iwo amene amaimirira pamaso pa mamembala.

Nditabwerera ndinayesa kulembetsa ku kampani ina kuti ndingoona mmene zimayendera, koma khadi langa la ku banki linakanidwa kawiri. Nditaimba ku banki anandiuza kuti ndadutsa malire a ndalama zakunja amene amaloleza pa khadi langa mwezi uno, chifukwa ndinali nditalipirira kale zinthu zina. Apa m'pamene funso lachiwiri la a Tcheya linandimvekera bwino. Lendi ya seva ikalephereka, kampani imayamba yatseka, ndipo pakapita nthawi imafufuta zonse, posayang'ana kuti vuto si ulesi wathu koma kusowa kwa ndalama zakunja m'dziko. Ndinalemba m'kope langa kuti gulu likhale ndi khadi lakelake losagwiritsidwa ntchito pa china chilichonse, ndiponso kuti Lachisanu lililonse ndizitsitsa mafayilo onse n'kuwasunga pa hadi disiki mu ofesi.

Funso lawo loyamba, la mwini nkhokwe wosuzumira, ndi limene linanditengera madzulo onse. Lamulo lathu loteteza uthenga wa anthu, Data Protection Act la 2024, limene MACRA ndiyo imaliyang'anira, limaika udindo pa ife osunga uthengawo, ndipo lili ndi zofunika kutsata uthenga ukamatuluka m'dziko. South Africa ili ndi lamulo lake lotchedwa POPIA, ndipo Germany imatsata GDPR ya mayiko a ku Ulaya, imene inayamba kugwira ntchito mu 2018. Koma Amazon, Microsoft, Google, Oracle ndi Vultr onse ndi makampani a ku America, kumene lamulo la CLOUD Act la 2018 limalola boma kulamula kampani kupereka uthenga ngakhale uli pa seva ya kunja kwa dzikolo. Sindikukhulupirira kuti ku Washington kuli munthu amene akusowa tulo chifukwa cha ngongole ya feteleza ya mlimi wa ku Lifuwu, komabe mfundo yake ndi yoti kiyi wa nkhokwe sitili naye tokha. Njira imene ndaona kuti ndi yanzeru ndi yosatumizako n'komwe zinthu zimene sitikufuna kuti ziwonedwe. Pa seva padzapita malamulo a gulu, ma miniti a misonkhano ndi mabuku a matumba ndi ngongole, koma mayina ndi manambala a zitupa ndidzawachotsa n'kuikapo nambala ya membala yokha, ndipo buku lolumikiza nambala ndi dzina lidzatsala m'kabati ya mlembi kuno ku Salima.

Dzuwa litapendeka ndinaimbira a Tcheya kuwauza zimene ndidzapereke ku komiti Loweruka. Ndidzapempha kuti tiyese mwezi umodzi ku Hetzner, pa seva yopanda GPU yokhala ndi memori ya 16 GB ndiponso mtengo wodziwika wa pamwezi, ndipo zonse ndidzaziika mu Docker, pulogalamu yolongedza zonse pamodzi kuti zisamavute kusamutsa, kuti zikavuta tisamukire ku Vultr ya ku Johannesburg tsiku limodzi lisanathe. Iwo anaseka n'kundichenjeza kuti mapanga awiri avumbwitsa. Ndinawayankha mwaulemu kuti tikhala m'phanga limodzi lokha, kungoti ndikufuna ndidziwiretu njira yopita ku linalo mvula isanayambe, ndipo anati ndikafotokoze chimodzimodzi pamaso pa komiti.

Magetsi anayaka cha m'ma 7 koloko usiku, ndipo ndinapezerapo mwayi woyesa chinthu chimene ndinkayenera kuyambira. Ndinafunsa modelo ina yaing'ono m'Chichewa zimene ndime ya ngongole m'malamulo athu imanena, ndipo inandiyankha ndi chisakanizo cha Chichewa ndi Chiswahili chimene ngakhale ine sindinachimve. Nditafunsa funso lomwelo m'Chingerezi inayankha molondola n'kutchula ndime yeniyeni. Ndawonjezera mfundo imeneyi pa pepala la Loweruka, kuti komiti idziwiretu kuti pakadali pano mlembi azifunsa m'Chingerezi n'kumamasulira yekha kwa mamembala. Mawa m'mawa ndidzatengana ndi mayi msungichuma kupita ku banki ndi kalata ya komiti yopempha khadi la gulu, ndipo andiuza kuti tikafike pakhomo isanakwane 8 koloko chifukwa Lachisanu mzere umatalika.