Phokoso ladala ndi phokoso la vuto pa mbale za vinyl

Chovuta pophunzira nyimbo zovina zopangidwa ndi makina, makamaka zija zosatsata njira yozolowereka, n'chakuti khutu silizindikira msanga ngati kuthetheka komwe likumva kunaikidwamo dala kapena ndi fumbi chabe. Choncho musanaweruze nyimbo, yambani mwakonza galamafoni.

Liwiro ndilo limasokoneza ambiri. Mbale za mainchesi 12 zina zimazungulira ka 33⅓ pa mphindi imodzi, zina ka 45, ndipo za white label (zokhala ndi chipepala choyera pakati) nthawi zambiri sizilembedwa kalikonse. Nyimbo ya BPM 130 (yogunda ka 130 pa mphindi imodzi) yoyenera pa 33⅓ mukaiika pa 45 imafika pafupifupi 175, koma nkumakomabe! Yang'anani zolemba zing'onozing'ono zozokotedwa pafupi ndi chipepala chapakati, muzifufuze pa Discogs, webusaiti yosunga mndandanda wa mbale za nyimbo, kuti mudziwe mbale yomwe muli nayo.

Kenako kulemera kwa singano. Yezani ndi kasikelo, musadalire manambala a pa chitsulo chakumbuyo kwa mkono wonyamula singano okha. Mwachitsanzo, singano ya AT-VM95E imafuna magalamu 2, pomwe singano zambiri za ma DJ zimafuna 3 kapena kuposerapo. Ena amapepuza poganiza kuti akuteteza mbale, chonsecho singano yopepuka imanjenjemera mumzere nkumaukanda. Besi ikagunda mwamphamvu singano imadumpha, ndipo n'chifukwa chake odula mizere ya nyimbo pa mbale amaphatikiza besi yakuya kukhala mono, yofanana pa sipika yakumanja ndi yakumanzere. Ikamadumphabe mutayeza bwino, onani ngati masipika ali pa tebulo limodzi ndi galamafoni, chifukwa kugwedezeka kwawo kumabwerera ku singano.

Mawu akamamveka ofooka, opanda besi, si mmene woimba anafunira ayi. Mbale zimadulidwa besi itachepetsedwa motsatira muyezo wa RIAA (bungwe la makampani a nyimbo ku America), ndipo phono preamp, kachipangizo kokweza mawu ochokera ku singano, ndiyo imaibwezeretsa. Kung'ung'uza kosalekeza kawirikawiri ndi waya wa ground (kawaya kapadera kochokera ku galamafoni kupita ku phono preamp) wosamangidwa.

Chimene ndimaona kuti n'chofunika kuchimvetsa bwino ndi ichi. Pa 33⅓ mbale imazungulira kamodzi pa masekondi 1.8. Chikande chodutsa mizere chimalira "tha" pa masekondi 1.8 aliwonse, ndipo nthawi yomweyo ikufanana ndi kugunda kunayi pa BPM 133⅓. Ndiye pa nyimbo ya techno yapafupi ndi liwiro limeneli, chikande chimatha kumveka ngati ng'oma ya nyimboyo. Oimba ena amagwiritsa ntchito masamu omwewa kupanga locked groove, mzere wobwerera pomwe unayambira, woti umalira mpaka mutanyamula mkono. Imeneyo si mbale yowonongeka.

Mukakayika, pukutani ndi burashi ya carbon fibre, mubwereze malo omwewo. Phokoso la fumbi limasuntha kapena kutha. Likakhala pomwepo, pendeketsani mbale pa nyali: chikande chimaoneka. Likamakula singano ikamayandikira pakati, makamaka pa mawu osongoka, vuto ndi mizere yamkati, poti imadutsa pansi pa singano pang'onopang'ono kuposa yakunja, ndipo singano yotha kapena yokhota imawonjezera vutolo.