Ndamanga tmux yatsopano pa seva

Anzanga a Linux, lero ndamanga tmux, pulogalamu yotsegulira ma terminal angapo pa windo limodzi, kuchokera pa source ndipo ikuyenda bwinobwino. Pulogalamu imeneyi ndimaikonda ndi mtima wonse. Netiweki ikaduka uli pa SSH (njira yolowera pa seva uli kutali), ntchito imapitirirabe pa seva, ukalumikizanso umangolemba tmux attach n'kupeza zonse zili pomwe unazisiya. Anaiyamba ndi Nicholas Marriott mu 2007, m'chinenero cha C, ndipo kuyambira 2009 imabwera limodzi ndi operating system ya OpenBSD.

Kumanga kwake sikovuta. Pa Debian yambani mwaika libevent-dev, libncurses-dev, bison ndi pkg-config, apo ayi ./configure ikukanirani panjira. Kenako make basi.

Chimene chimazunguza anthu mutu chimabwera pambuyo. Mwaika yatsopano, mukuti mutsegule, iyo n'kukulemberani kuti "protocol version mismatch". Musayambe kumanganso, simunalakwitse kalikonse. Seva yakale ya tmux, gawo la pulogalamuyi limene limasunga ntchito zanu, ikadali moyo kuseri, ndiye sikumvana ndi yatsopanoyo. Sungani kaye ntchito zanu, chifukwa zonse zili m'kati mwake zifera limodzi nayo, kenako muizimitse ndi pkill tmux n'kutsegulanso.

Mitundu ikamaoneka yofuwa mu Vim, pulogalamu yolembera mafayilo, lembani set -g default-terminal "tmux-256color" mu ~/.tmux.conf.