Mlungu womwe kolera inagogoda ku Mtakataka

Lolemba m'mawa anabwera naye pa kabaza mayi wina wochokera mudzi wa kufupi ndi nyanja. Maso atalowa, khungu ukalitsina silibwerera msanga, chimbudzi chili ngati madzi otsukira mpunga. Mtima wanga unangoti myuu. Ndine mlangizi wa zaumoyo kuno ku Mtakataka, ndipo zizindikiro zimenezi ndinaziona mokwanira mu 2022 ndi 2023, pomwe kolera yomwe inayambira ku Machinga inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Mkulu wa chipatala chathu sanadikire kuti wina amuuze chochita. Anamupatula mayiyo, anamuika dilipi, anaimba foni kuboma, kenaka anatiitana tonse pakhonde. "Alangizi, pofika mawa madzulo ndikufuna ndidziwe komwe banjali limatunga madzi."

Lachiwiri ndinakapeza mjigo wa m'mudzimo unawonongeka kalekale, anthu akumwa pachitsime cha m'dambo, mvula ikukokololera zonse momwemo. Tinayenda khomo ndi khomo kugawa kulorini, kuwauza adikire mphindi 30 asanamwe, ndi kuwaonetsa kasungunulidwe ka Thanzi ORS: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino. Amayi ena anakana, ati kulorini imanunkha. Lachitatu mafuta a njinga yamoto omwe tinalonjezedwa sanafike, ndiye ndinapalasa njinga yakapalasa. Zinandiwawa, chifukwa midzi iwiri ndinalephera kuifika.

Tsiku lomwe sindidzaliiwala ndi Lachinayi. Agogo ena anamwalira pakhomo atatsekula m'mimba usiku wonse. Ndinafika amayi atayamba kale kusonkha moto wa nsima, beseni limodzi losambira m'manja lili pakati, achibale akukonzeka kusambitsa thupi. Ine ndani kuti ndiletse mwambo pamaliro a eni ake? Ndinapita kwa a gulupu, ndinanjuta, n'kunena motsitsa mawu: "Afumu, tikasambitsa thupili ndi manja osavala kanthu, anthu n'kudyera limodzi pano, sabata yamawa tibweranso kudzaika ena."

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anaimirira okha, osatuma nduna. Anauza anamfedwa kuti thupi likonzedwa ndi achipatala, maliro aikidwa tsiku lomwelo, kuphika kulibe, ndipo aliyense asamba m'manja mothiriridwa. Amalume a banjalo anang'ung'udza kwambiri. A gulupu anangoti, "Mlanduwu ukhale pa ine," n'kutenga kapu ya madzi othira kulorini, kumwa anthu onse akuona. Amayi aja omwe anandikana Lachiwiri anayamba kufunsa komwe ndasiya botolo.

Zinandikumbutsa February 2023, pomwe a Lazarus Chakwera anakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera: mafumu, mipingo ndi achipatala titayamba kulankhula chimodzi, zitseko zomwe zinkatitsekekera zinayamba kutseguka. Kulorini ndi yomweyo, uthenga ndi womwewo, koma ukachoka pakamwa pa munthu wololera kudedwa kwa tsiku limodzi, anthu amamva.

Lachisanu a gulupu anaitanitsa komiti ya mjigo n'kulamula kuti banja lililonse lisonkhe ndalama zogulira zipangizo, iwo n'kuyamba kuponya zawo. Chitsime cha m'dambo anachitchinga ndi minga. Loweruka masana mayi uja anatuluka m'chipatala akuyenda yekha, ndipo ine ndinapalasa kupita kumidzi iwiri ija yotsala, chigubu cha kulorini chili pakaliyala.