Mpungabwi musamangouzula, njuchi zimaufuna

Anthu kuno ku Ngabu amandiseka kuti ndikuthirira tchire. Eya ndi tchiredi, mpungabwi womwe uja agogo ankathyola madzulo nkupachika pakhomo kuti udzudzu uthawe. Koma ine ndikukamba wautali uja wa masamba akuluakulu, umene sufa chaka chimodzi, ukauma pamwamba tsinde limakhalabe moyo mvula ikangogwa waphukanso.

Nkhani yake ndi maungu, mpungabwi umakoka njuchi zimene maunguwo amafuna. Dzungu lili ndi maluwa aamuna paokha aakazi paokha, lalikazi ndi lija lili ndi kadzungu kunsi, ndiye pafunika njuchi inyamule ufa wachikasu uja kuchoka kwina kupita kwina, komanso duwalo limatseguka mmawa basi dzuwa likakwera lafota. Njuchi ikapanda kubwera kadzungu kamachita chikasu nkugwa, anthu nkumati nthaka yatha kapena wina wandichita chipongwe. Mavwende ndi nkhaka ndi chimodzimodzi. Mapira, mchewere ndi chimanga alibe nazo ntchito, mphepo imakwanira, nchifukwa chake ambiri sitizindikira kuti njuchi zachepa.

Kudzala mpungabwi sikovuta. Njere zake ndi zazing'ono kwambiri, musakwirire, ingowazani pamwamba nkupondaponda ndi dzanja. Ine ndimakonda kudula nthambi yanthete nkuzika pamthunzi, kuthirira mpaka igwire, kenako kuwokera mu Disembala mvula ikakhazikika. Dothi lathu lamakande limasunga madzi nthawi yadzinja ndiye ikani pakamtumbira mizu isawole. Vuto ndi Okutobala, kutentha kuja kopitirira madigiri 40 nthaka itang'ambika, pamenepo phimbirani ndi udzu patsinde nkumathira madzi otsukira mbale, bola asakhale ndi sopo wambiri. Ngala zikauma dulani, umatulutsa nthambi zina ndi maluwa atsopano.

Timaluwa take sitokongola ayi, tating'ono totuwa tondondozana pangala, wofuna zojambula za pa Facebook akhumudwa. Koma imani pafupi cha m'ma 7 mmawa mumve kulira kwake, njuchi zauchi, tina tating'ono takuda tosaluma, agulugufe.

A thonje anzanga, mankhwala aja amapha njuchi pamodzi ndi mbozi. Poperani madzulo njuchi zitabwerera, osati mmawa maluwa ali otseguka, ndipo mpungabwi wanuwo udzalidwe patali ndi munda wathonje, kufupi ndi dimba kapena kuseri kwa nyumba.